Maluwa a ku Portland anabzalidwa ndi eni makomo

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndifotokoze zimene ndaona kuno kumene ndikukhala, mumzinda wa Portland m'chigawo cha Oregon ku America. Kwathu ndi ku Zomba, cha ku Malosa, koma kuno ndathako zaka 11, ndipo ntchito imene imandidyetsa ndi yosamalira maluwa ndi kapinga m'makomo a anthu. Nyuzipepala yanu ndimaiwerenga pa foni nthawi yopuma masana, ndili m'galimoto ya kuntchito, manja ali dothi lokhalokha. Chaka chilichonse mvula ikagwa kwathuko ndimaona zithunzi za akuluakulu atagwira khasu akubzala mitengo, anthu akuwomba m'manja. Zimandisangalatsa ndithu. Koma mtima sukhala pansi, umangofunsa kuti pofika Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kambande kameneka adzakathirira ndani?

Mwezi wa Febuluwale chaka chino ndinatumidwa kukadulira maluwa pakhomo pa gogo ena kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda uno. Kuno marozi timawadulira chapakati pa Febuluwale, chisanu chikayamba kufooka, masamba atsopano asanatuluke. Kutsogolo kwa nyumba yawo, pa kamzere ka dothi kamene kali pakati pa msewu wa galimoto ndi njira ya oyenda pansi, panali chitsamba cha rozi chakalekale. Tsinde lake linali lonenepa ngati mpini wa khasu, khungwa lili ming'alu yokhayokha, ndere zitamera mbali imene sikuomba dzuwa. Nditangotulutsa kasowo kuti ndichotse nthambi ziwiri zouma za pansi, gogowo anatulukira ndi ndodo yawo, atavala chijasi pamwamba pa zovala zogonera, n'kuima pambali panga. Nthambi iliyonse ankafuna aione kaye ndisanaidule. Ankaloza ndi ndodo, ine n'kudula, mvula ya mawawa ikutinyowetsa tonse awiri. Titamaliza anandiuza kuti chitsambacho chinachokera ku kamtengo kamene anadula pa rozi la pakhomo pa agogo awo, ndipo la agogo awolo linabzalidwa pokonzekera chionetsero cha 1905. Iwowo asamuka nyumba kawiri pa moyo wawo, ndipo ulendo uliwonse rozilo ankapita nalo. Anandiuzanso dzina lake, Madame Caroline Testout, ndipo anandibwerezetsa mpaka ndinalitchula bwino.

Chionetsero chimene ankanenacho ndi Lewis and Clark Centennial Exposition, chimodzi mwa zionetsero zikuluzikulu zija zimene maiko ankabweretsako katundu ndi luso lawo. Chinatsegulidwa pa 1 Juni 1905 n'kutsekedwa pa 15 Okutobala chaka chomwecho. Ankakumbukira kuti patha zaka 100 chifikireni Meriwether Lewis ndi William Clark ku nyanja ya Pacific, pa ulendo umene anatumidwa ndi Pulezidenti Thomas Jefferson. Koma amalonda a ku Portland maso awo anali pa kukopa anthu ndi ndalama, chifukwa mzinda wa Seattle kumpoto kwawo unkakula mothamanga. Pa kalembera wa 1900 Portland munali anthu 90,000 okha. Kuchionetseroko kunabwera maiko 21, ndipo anthu olipira pachipata anaposa 1.5 miliyoni. Pofika kalembera wa 1910 mumzindamu munali anthu 207,000.

Malo a chionetsero anali pa Guild's Lake, kanyanja kosaya ka m'dambo pafupi ndi mtsinje wa Willamette. Anamangapo zinyumba zoyera mbee, zamadenga obulungira, ndi mlatho wautali wodutsa pamadzi, usiku magetsi ali ngwee paliponse. Koma zinyumbazo zinali za matabwa opakidwa pulasitala, zomangidwira miyezi yochepa chabe. Chionetsero chitatha anazigwetsa. Imene inakhalitsa pamalo ake inali Forestry Building, chinyumba cha zipika zathunthu zosasenda khungwa, koma nacho chinapsa ndi moto mu Ogasiti 1964. Kanyanja kaja anakakwirira ndi dothi. Ine ndimapitako kawirikawiri kukatenga mapaipi ndi zipangizo zina za kuntchito. Kuli njanji, matanki a mafuta, nyumba zosungiramo katundu ndi mathiraki. Mutaima pamenepo simungakhulupirire kuti anthu ankapalasapo mabwato atavala zovala za pa Sabata. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo a 1905 anakamuka, ndipo nyumba zimene anawamangira zinakamuka nawo limodzi.

Nkhani ya marozi inayamba chionetsero chisanaganiziridwe n'komwe. Mu 1888 mayi Georgiana Pittock, akazi a mwini nyuzipepala ya The Oregonian, anakhoma tenti pabwalo la nyumba yawo n'kuitana anzawo kuti aliyense abweretse marozi a pakhomo pake adzaonetsane. Chaka chotsatira, 1889, panabadwa bungwe la Portland Rose Society, limene lilipo mpaka lero. Panalinso bambo wina wa bizinesi ya inshuwalansi, Leo Samuel, amene anthu kuno amakondabe kufotokoza kuti anabzala marozi kunja kwa mpanda wake n'kumasiyapo sizasi, kuti wodutsa aliyense adzidulire duwa limodzi akakhomere pa jekete. Kenako mu 1901 loya wina, Frederick Holman, analemba mu The Oregonian kupempha anthu kuti asandutse Portland mzinda wa marozi alendo a chionetsero asanafike. Akonzi, zimenezi n'zimene zandilimbitsa mtima kuti nanenso ndikulembereni. Nkhani ya munthu mmodzi m'nyuzipepala inathandiza kudzutsa mzinda wonse.

Kwathu tikamva kuti kukubwera alendo timasesa bwalo, amayi amazira m'nyumba, ana amasambitsidwa. Anthu a ku Portland anachita zomwezo, kungoti bwalo lawo linali mphepete mwa msewu. Khomo ndi khomo linabzala marozi pa kamzere ka dothi kaja, ndipo ambiri anasankha mtundu umodzi, Madame Caroline Testout yemweyo. Rozi limeneli analitulutsa ndi katswiri wa ku Lyon ku France, Joseph Pernet-Ducher, mu 1890, ndipo dzinalo ndi la mayi wina wosoka zovala za anthu olemera. Ine monga munthu wogwira dothi ndimamvetsa chifukwa chake analikonda. Ndi lopirira. Likachita maluwa mukadula ofota limachitanso ena, kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka chisanu chitayamba, ndiye linkakwanira miyezi yonse ya chionetsero. Komanso limagwira ukangodula kamtengo n'kuzika m'dothi lonyowa, monga timachitira ndi chinangwa, popanda kuvutika ndi kumezanitsa. Munthu wosauka sankafunika ndalama ya ku nazale. Ankangopempha kwa mnzake woyandikana naye. Nyengo ya kuno nayo inawathandiza. Mvula imagwa yamawawa kuyambira Okutobala mpaka Meyi, chisanu sichiluma kwambiri ngati m'madera ena a America, ndipo Julayi ndi Ogasiti kumakhala kouma ndi kowala. Alendo potsika sitima anapeza misewu yaitali ili ndi mizere ya maluwa a pinki mbali zonse ziwiri.

Zinyumba za pa Guild's Lake zinali za komiti. Komiti itatseka mabuku ake, panalibenso wozilirira. Rozi la kutsogolo kwa nyumba linali ndi mwini wake, amene ankaliona m'mawa uliwonse potuluka pakhomo, amene akanachita manyazi likanauma la mnzake likuphuka. Ndiye linathiriridwa, linaikidwa manyowa, linaduliridwa, ndipo mwini atamwalira mdzukulu anadula kamtengo n'kupita nako kwina.

Akuluakulu a mzinda anaona zimene anthu achita ndipo anatsatira pambuyo. Chionetsero chikupita kumapeto, meya Harry Lane, amene anali dokotala, ananena kuti mzindawu uyenera kumakhala ndi chikondwerero cha marozi chaka ndi chaka. Choyamba chinachitika mu 1907, ndipo mpaka pano Juni aliyense kumakhala mdipiti wa magalimoto okutidwa ndi maluwa, mabanja atafika ndi mipando yawo m'mbali mwa msewu. Mu 1913 anatsegula munda wa marozi ku Peninsula Park, kumpoto kwa mzinda. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itavuta, mtolankhani wina wokonda marozi, Jesse Currey, anada nkhawa kuti mitundu yabwino ya ku Ulaya itheratu ndi mabomba. Anakakamira akuluakulu mpaka mu 1917 anavomereza kukhazikitsa International Rose Test Garden ku Washington Park, kuti akatswiri a kunja azitumizako marozi awo akasungidwe ndi kuyesedwa. Lero mundawu uli ndi zitsamba zoposa 10,000 za mitundu pafupifupi 600, kulowa ndi ulere, ndipo kukakhala kopanda mitambo mumaona phiri la Hood lili ndi chipale chofewa pansonga. Mu 2003 khonsolo inavomereza mwalamulo dzina lakuti City of Roses, dzina limene anthu anali atalitchula kale kwa zaka pafupifupi 100.

Chimene chimandigwira mtima ndikapita ku Washington Park ndi anthu ovala zipewa za mlaza ndi magolovesi, aliyense ndi kandowa ndi sizasi, akudula maluwa ofota mzere ndi mzere. Ambiri ndi opuma pantchito ndipo salandira kanthu. Ku Ladd's Addition, kumene kuli timinda tinayi ta marozi pakati pa nyumba za anthu, n'chimodzimodzi, anthu a m'deralo ndi amene amapalira ndi kudulira. Lamulo la kuno nalo limayenda m'njira yomweyo. Kamzere ka dothi kutsogolo kwa nyumba kali m'malire a msewu, koma udindo wokasamalira ndi wa mwini nyumba. Masiku ano ena amabzalapo marozi, ena maluwa okopa njuchi, ena tomato ndi kabichi m'mabokosi a matabwa. Ndinathandizapo Loweruka lina kubzala mitengo ya m'misewu ndi bungwe la Friends of Trees, limene linayamba mu 1989. Mtengo uliwonse umene tinabzala tsiku limenelo unali ndi khomo limene linaupempha, ndipo mwini khomo anali atalonjeza kuuthirira m'chilimwe. Nyengo yotentha itafika kunadutsa munthu kudzayendera mitengoyo umodziumodzi.

Sindingalembe ngati kuti za 1905 zonse zinali zokoma, chifukwa ine ndine munthu wakuda wokhala mumzinda uno. Pa chionetsero chomwecho anabweretsa anthu a mtundu wa Igorot ochokera ku Philippines n'kuwaika mu mpanda kuti alendo azilipira kudzawaonerera ngati nyama za kumalo osungirako zinyama. Nthawi imene anthu ankabzala maluwa olandirira alendo, malamulo aakulu a Oregon anali akadali ndi ndime yoletsa anthu akuda kukhala m'chigawochi, ndipo ndimeyo inachotsedwa mu 1926. Palinso alimi ena amene mzinda uno sukonda kuwakumbukira. M'khwawa la Tanner Creek, kufupi ndi pakati pa tauni, munali madimba a anthu ochokera ku China, amene ankalima ndiwo zamasamba n'kumayenda nazo khomo ndi khomo atazisenza m'madengu pa mtengo wa paphewa. Iwowa ndi amene ankadyetsa mabanja ambiri. Mzinda utakula pambuyo pa chionetsero malo aja anakwera mtengo, khwawa linakwiriridwa, madimba anatha. Wolima duwa anamuikira chikondwerero, wolima ndiwo anamusamutsa. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa mayi anga anatilera ndi dimba la mpiru ndi tomato m'mbali mwa mtsinje. N'chifukwa chake ndimanyadira kwambiri minda ya anthu wamba imene khonsolo inayamba kugawa mu 1975. Inenso ndili ndi kagawo kanga kumeneko, kamene ndimalimapo nkhwani, bonongwe ndi chimanga cha mizere itatu, ndipo woyandikana nane ndi mayi wa ku Congo amene timasinthana naye mbewu.

Chenjezo lina ndi la mbewu zimene zimalowa m'dziko chifukwa cha kukongola. Pa chionetsero cha ku Philadelphia mu 1876 anthu a ku America anaona koyamba chomera choyanga cha ku Japan chotchedwa kudzu, anachikonda, ndipo lero chakuta nkhalango ndi minda kum'mwera kwa dzikoli. Nkhani imene imafotokozedwa kawirikawiri ndi yakuti pa chionetsero cha ku New Orleans mu 1884 alendo ankapatsidwa duwa lina lokongola la m'madzi lochokera ku South America, iwo n'kukaliika m'maiwe a kwawo, mpaka linatseka mitsinje ya ku Louisiana ndi Florida. Duwa limenelo nonse mukulidziwa. Ndi namasupuni, yemwe uja amayandama mu Shire n'kumasautsa asodzi ndi makina opangira magetsi. Kuno ku Portland nako pali chomera choyanga cha ku Ulaya, English ivy, chimene chinabwera ngati chokongoletsa makoma, ndipo tsopano chikupha mitengo m'nkhalango ya Forest Park. Masiku ambiri a ntchito yanga amathera pozula chimenechi, msana kuwawa. Choncho ndikamanena zobzala sindikunena kuti tizingotola chilichonse chimene chatikopa maso.

Sindikunenanso kuti Malawi yense abzale marozi. Ku Zomba, ku Dedza, ku Thyolo ndi ku Mzuzu amachita bwino, koma munthu wa ku Nsanje kapena ku Salima angavutike nawo pachabe. Ndikudziwanso kuti madzi a pampopi ndi odula, kuti m'makwalala ambiri amayi amadzuka usiku kukaima pamzere pa kiyosiki, ndiponso kuti mbuzi sizisiya kanthu kobiriwira. Koma mayi anga analibe mpopi, ndipo kuzungulira nyumba yathu kunali maluwa. Ankawathirira ndi madzi otsukira mbale, n'kuwatchingira ndi minga. Sanagulepo ngakhale limodzi. Akapita kukaona mnzawo wa kumvano ankabwerako ndi kamtengo atakulunga pa nsonga ya chitenje, atapempha kuti, “Mundigawireko mbewu ya duwa ili.” Mwambo umene unakongoletsa Portland ndi womwewu, ndipo ife tili nawo kale.

Pempho langa kwa makhonsolo ndi kwa onse ogawa mbande ndi ili. Mbande zina za nyengo yobzala mitengo zizipita m'manja mwa makomo, khomo lililonse lilembedwe dzina ndi mtengo wake, ndipo wina adzadutse mu Seputembala kudzaona ngati uli moyo. Munthu asankhe yekha chimene akufuna kutsogolo kwa nyumba yake, kaya ndi mango, kaya ndi mtengo wa mthunzi, kaya ndi duwa, chifukwa chimene wasankha yekha sachitaya. Makhonsolo anene poyera malo a m'mbali mwa msewu amene anthu angabzalepo popanda kutseka ngalande kapena kufika ku mawaya a magetsi, kuti wobzala asamakhale ndi mantha oti mawa abwera anthu ndi zikwanje kudzatchetcha. Ndipo anyamata aja ogulitsa maluwa a m'machubu m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre tiwaone ngati akatswiri, pakuti amadziwa chimene chimagwira pa dothi lililonse kuposa ambiri a ife. Chionetsero cha zamalonda chikamayandikira ku Chichiri, kapena mzinda ukamayembekezera msonkhano waukulu, m'malo mongopaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, bwanji osayamba chaka chimodzi m'mbuyo kupempha makomo a m'njira imene alendo adzadutse kuti aliyense abzale pake? A ku Portland anayamba kukambirana zimenezi kutatsala zaka zoposa zitatu.

Mu Juni ndinabwereranso kwa gogo aja kukatchetcha kapinga, ndipo ndinapeza chitsamba chija chitachita maluwa. Ndi aakulu ngati chibakera cha mwana, obulungira ngati kabichi wamng'ono, a pinki wowala mkati, m'mphepete mwake mopindikira kunja motuwirako. Mvula ikawanyowetsa amalemera n'kuweramitsa mitu. Fungo lake si lamphamvu, umachita kuyandikitsa mphuno. Masamba a pansi anali ndi timadontho takuda ta matenda amene amavuta marozi kuno chifukwa cha chinyezi, ndiye ndinawathothola n'kuwatola onse kuti asatsale pansi. Gogowo anandipatsa sizasi yawo, yachitsulo chakale, chogwirira chitakulungidwa ndi tepi, n'kundiuza kuti ndidule timitengo titatu pa nthambi zimene maluwa ake anali atangofota. Ndinadula kalikonse kutalika ngati pensulo, ndinachotsa masamba n'kusiya awiri a pamwamba, ndipo kunyumba ndinatizika mu chidebe cha mchenga wosakaniza ndi manyowa, n'kuvundikira ndi botolo la pulasitiki lodula pansi. Kamodzi kanada n'kuuma. Tiwiri tagwira, ndipo pamene ndikulemba pano tili pakhonde la nyumba imene ndimachita lendi, tatulutsa masamba ofiirira.

Sindingatinyamule kubwera nato kumudzi, chifukwa zomera sizidutsa m'malire a maiko popanda zilolezo, ndipo nkhani ya namasupuni yandiphunzitsa kulemekeza lamulo limenelo. M'malo mwake ndauza mlongo wanga kuti mvula ikakhazikika akapemphe timitengo pa rozi lofiira limene lili pakhomo pa azakhali athu, limene ndinalipeza lilipo kale ndili mwana, akabzale kutsogolo kwa nyumba ya malemu mayi.

Ngati pali owerenga ena amene pakhomo pawo pali duwa kapena mtengo umene anabzala agogo awo, ndikupempha alembere kuno kwa inu Akonzi, atiuze anabzala ndani, chaka chanji, ndipo akuusamalira ndani lero. Ine ndidzawerenga kalata iliyonse.

Ndine wowerenga wanu,
Mlimi wa maluwa wochokera ku Zomba,
Portland, Oregon